Ku Mantova Upite Wekha

Pepala lija linali litayamba kung'ambika mopinda. Nives Bonometti ankalisunga m'chikwama pamodzi ndi makiyi, ndipo ankalitulutsa kangapo patsiku ngakhale kuti zolembedwapo ankazidziwa pamtima. Panali mayina a malo anayi, dzina limodzi pa Lamlungu lililonse. Awiri oyamba anali atawakhwatcha kale: Bergamo ndi chilumba cha panyanja ya Iseo. Dzina lachitatu linali Mantova.

Amene analemba pepalalo anali Saverio Lopreiato, kondakitala wa sitima wochokera ku Calabria, chigawo cha kummwera, amene anali pachibwenzi ndi Nives kwa miyezi isanu ndi iwiri. Saverio anakwatirapo. Iye ndi mkazi wake Rosalba anapatukana zaka zitatu zapitazo, mkaziyo n'kubwerera kwawo kummwera, koma chikalata cha kukhoti chothetsa ukwatiwo chinali chisanatuluke. Mayi ake a Nives sankafuna kumva china chilichonse kupatula chimenecho. Mikangano ya pakhomo itamukwana, Nives anapempha Saverio kuti asaonane kwa mwezi wathunthu, kuti aganize mutu uli m'malo.

Saverio sanatsutse. Anabwereka cholembera kwa mtsikana wogulitsa khofi n'kuyamba kulemba.

"Ngati sukufuna kuyenda ndi ine, yenda wekha," anatero. "Koma Lamlungu usamakhale m'nyumba. Mayi ako akakupeza utangokhala phee, pofika madzulo udzakhala utavomera zonse."

Anagwirizana kuti mauthenga a pafoni ndi ololedwa, bola asapitirire atatu patsiku. Lamulo limeneli linafa tsiku lachiwiri lomwe.

* * *

M'mawa wa Lamlungu lachitatu, mzinda wawo wonse wa Brescia unadzuka uli m'chifunga. Nives anapeza mayi ake, a Clelia, ali kale kukhitchini atavala zakutchalitchi, akupaka jamu pabuledi.

"Lero ndi kuti?" anafunsa osacheuka.

"Ku Mantova."

"Kukatani? Kuja kuli udzudzu ndi maungu basi."

"Mwezi uno udzudzu kulibe, amayi."

"Ndiye kwatsala maungu." Anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi. "Munthu wamkazi wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, kumangozungulira yekha m'masitima ngati wapirikitsidwa pakhomo. Anzanga akandifunsa kutchalitchi ndiziti chiyani?"

"Muziti ndapita ku Mantova."

"Wekhadi?"

"Ndekha. Ndinanena kuti mwezi uno sindionana naye."

"Ine sindinapemphe mwezi. Ndinapempha kuti umusiye wakummwera wakoyo. Munthu amene pepala lake silinatuluke ndi mwamuna wa mwini, kaya akhale wokoma m'kamwa chotani." Analuma buledi n'kutafuna mosafulumira. "Gualtiero amakufunsa Lachisanu."

Gualtiero Zanola anali mnzake wa mchimwene wa Nives kuyambira kusukulu. Anali ndi sitolo ya magalasi a maso, ndipo mkazi wake anamwalira zaka zinayi zapitazo. A Clelia ankamukonda chifukwa anabadwira mumsewu wawo womwewo, ndipo ankadziwa pamene pali manda a makolo ake onse.

"Amandifunsa Lachisanu lililonse," anatero Nives.

"Eya. Ndiye munthu wosasinthasintha ameneyo."

Nives anamaliza khofi ataimirira, n'kutenga ambulera.

* * *

Uthenga woyamba wa Saverio unafika sitima isanakwane pa Desenzano.

"Ku Verona usathamange, uli ndi mphindi makumi awiri. Ukakwera ya ku Mantova ukhale kumanzere. Pofika mudzaoloka madzi, ndipo mzinda umaonekera mbali imeneyo."

"Kuli chifunga," analemba Nives. "Ngakhale mitengo ya m'mbali mwa njanji sikuoneka."

"Khalabe kumanzere. Uzingokhulupirira kuti mzindawo ulipo."

Nives anamwetulira, kenako anasiya ataona kuti bambo amene anakhala moyang'anizana naye akumuyang'ana. Uthenga wotsatira unali wautali.

"Uyambe ndi nyumba yachifumu anthu asanachuluke. Zipinda zake n'zambirimbiri, usalimbane nazo zonse, miyendo ingakuthere. Ufunse chipinda cha akwati, ndipo ukalowamo uyang'ane kudenga. Kenako katchalitchi kozungulira ka pabwalo la msika, kamene polowa umachita kutsika masitepe. Nkhomaliro ukadye kwa mayi Argia, kuseri kwa msika wakale wa nsomba, ndipo uwauze kuti wakutuma ndine. Pobwerera ukwere sitima ya 5 koloko. Imeneyo basi, osati ina."

"Bwanji imeneyo basi?"

"Zinazo zimachedwa."

Ku Verona anasintha sitima monga anamuuzira, ndipo anakhala kumanzere. Ataoloka madzi sanaone mzinda uliwonse. Anangoona bango ndi mbalame imodzi yoyera itaima ndi mwendo umodzi.

* * *

Malamlungu awiri aja anali atamuphunzitsa zingapo za kuyenda wekha. Ku Bergamo anaona kuti munthu mmodzi sachedwa pamzere wa kasitima kokwera phiri, chifukwa malo amodzi sasowa. Kuchilumba anaona kuti m'malo odyera munthu mmodzi amamukhazika pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi. Anaonanso kuti ukaona chinthu chokongola uli wekha, dzanja limathamangira kufoni lokha.

Pakhomo la chipinda cha akwati panali mlonda wachikulire amene ankalowetsa anthu m'timagulu. Patsogolo pa Nives panali mabanja atatu, onse atagwirana manja.

"Muli angati, mayi?" anafunsa mlondayo.

"Ndili ndekha."

"M'chipinda cha akwati, nokha? Lowani, mwina mutulukamo awiri."

Chipindacho chinali chaching'ono kusiyana ndi mmene ankaganizira. Anayang'ana kudenga. Wojambula anaikapo chibowo chozungulira chooneka ngati chenicheni, thambo labuluu kuseri kwake, ndipo m'mphepete mwake munali azimayi atasuzumira pansi, ena akumwetulira ngati akudziwa kanthu kokhudza iwe. Pambali pawo panali mphika wa maluwa utatsamira pakamtengo, ngati ugwa nthawi ina iliyonse.

Atatuluka analemba kuti: "Azimayi a kudengawa akufanana ndi anzawo a amayi a kutchalitchi."

"Samala ndi mphikawo," anayankha Saverio. "Akudikira kuti uime pansi pake."

"Kuno unabwerako kangati?"

"Kambiri ndithu."

Anapita kukatchalitchi kozungulira kaja, anatsika masitepe, n'kukhala pabenchi mphindi khumi m'kachisisira konunkhira makandulo. Munalibe wina aliyense. Ankaganiza kuti akapemphera, koma anangopezeka akuwerenga masiku otsala kuti mwezi uthe. Anali asanu ndi anayi.

* * *

Malo a mayi Argia anali ndi matebulo asanu ndi atatu okha, ndipo asanu ndi limodzi anali ndi anthu. Mwini wake anali mayi wamfupi wa tsitsi loyera, epuloni m'chiuno, magalasi atalendewera pachifuwa.

"Munthu mmodzi?" anafunsa, maso ataloza kale kutebulo la kukona, pafupi ndi chitseko chaching'ono.

"Wandituma ndi Saverio."

"Saverio wa sitima? Nanga bwanji osayamba ndi mawu amenewo?" Anamugwira pamkono n'kumukhazika pawindo. "Musavutike n'kusankha, ndikudziwa chimene mudye."

Anabweretsa mbale ya tortelli, timatumba ta ufa wa tirigu todzaza ndi dzungu, tosambira m'batala, tchizi pamwamba, ndi tambula ya vinyo wofiira wathovu. Kenako anakoka mpando n'kukhala nawo, ngati munthu amene miyendo inali kufuna chifukwa chopumira.

"Ndinu mlongo wake?"

"Ayi."

"Ndimadabwa, kalankhulidwe kanu ndi ka ku Brescia. Ndiye mnzake wa kuntchito. Mwanayo ndimamukonda ine. Tebulo ili ndi lawo, mukudziwa? Iye ankakhala apo, Rosalba apa pamene mwakhalapa. Chaka chilichonse patsiku la ukwati wawo: m'mawa kuchipinda cha akwati, masana kuno. Zaka zisanu ndi zinayi osaphonya. Mkazi wochepa thupi uja, koma mbale ziwiri ankamaliza yekha. Ali bwanji? Papita nthawi ndisanawaone."

Nives anaika foloko pansi mosamala.

"Anasiyana."

Mayi Argia anayang'ana Nives, anayang'ana mbale, kenako anavala magalasi n'kumuyang'ananso bwino.

"Ndiye inu ndinu..."

"Inde."

"Pakamwa pangapa," anatero motsitsa mawu. "Mwamuna wanga ankati ndimayamba kulankhula, kuganiza ndimachita mawa lake. Idyani, mwana wanga, zisazizire. Chakudya chilibe mlandu."

Nives anadya. Tortelli anali wokoma, ndipo zimenezi zinamukwiyitsa kwambiri. Atamaliza, mayi Argia anabweretsa keke youma ya mtedza wa amondi imene sanaiitanitse.

"Iyi saidula ndi mpeni. Amaiswa ndi chibakera. Menyani."

Nives anaimenya. Zidutswa zinaulukira mpaka patebulo la anthu ena, ndipo bambo wina anatola kamodzi n'kukaponya m'kamwa.

Asanatuluke analemba uthenga: "Pa malo anayi aja, ndi angati amene unapitako ndi Rosalba?"

Foni inaonetsa kuti wauwerenga. Panadutsa mphindi makumi awiri.

"Onse," linabwera yankho. Kenako lina: "Nives, ndinakhala naye zaka khumi. Kuno kulibe tawuni imene sanapondemo. Ndinakulembera malo abwino amene ndimawadziwa."

Nives anazimitsa kulira kwa foni n'kuiponya m'chikwama.

* * *

Masana onsewo anangoyenda. Anatsika mpaka m'mphepete mwa madzi, anabwerera kudzera m'makhonde ataliatali a masitolo otseka, analowa m'tchalitchi chachikulu n'kutulukamo osakumbukira chimene waona. Cha m'ma 4 koloko anapezeka ali pabwalo la msika kachiwiri. Pansi pa nsanja ya wotchi panaima mwamuna wamtali wovala chijasi chotuwa, atanyamula maambulera awiri.

"A Gualtiero," anatero Nives. "Musandiuze kuti mwangopezeka kuno."

"Sindinama. Mayi ako andiuza titatuluka m'tchalitchi. Ndaima pano kuyambira 2 koloko. Aliyense wobwera ku Mantova amadutsa pansi pa wotchi iyi."

"Ambulera ndili nayo."

"Ndaiona. Ndangokhala ngati chitsiru ndi ziwirizi."

Analowa m'malo omwera khofi a pakona. Gualtiero anapukuta mpando ndi mpango asanamukhazike, kenako anapukuta magalasi ake ndi mpango womwewo.

"Maso ako ndi ofiira," anatero.

"Mwayamba ntchito?"

"Izi sizifuna makina. Walira."

"Ndi chifunga."

"Chabwino, ndi chifunga." Anatakasa shuga nthawi yaitali. "Ine sindimvetsa, Nives. Mwamuna amene amakukonda angakutumize kukayenda wekha nyengo ngati ino? Ine ndikanakutengera kuno pagalimoto, mwezi wa Meyi, dzuwa likuwala."

"Ndinapempha ndine kuti ndikhale ndekha."

"Ndiye iye n'kuvomera msangamsanga?"

Funso limeneli Nives anali atadzifunsapo yekha.

"Ine ndilibe pepala loti ndidikire," anapitiriza Gualtiero. "Ukwati wanga unathera kumanda, Brescia yense anaona. Nyumba ilipo, ili pafupi ndi mayi ako. Sindine munthu wosangalatsa, ndikudziwa. Koma pamene ndakhala lero, ukabweranso zaka khumi zikubwerazi udzandipeza pomwepo."

"Mukundifunsira kapena mukundiuza za maliro?"

Gualtiero anaseka pang'ono, makutu atafiira. "Zonse ziwiri mwina. Usayankhe lero. Galimoto ndaisiya kusiteshoni. Ola limodzi ndi theka tikhala tafika. Ukavutikirenji ndi masitima awiri, kukaimanso pamphepo ku Verona?"

Nives anaganiza za uthenga wa m'mawa uja. Sitima ya 5 koloko, imeneyo basi, osati ina. Tsiku lonse anachita zimene anauzidwa: anakhala kumanzere, anayang'ana kudenga, anadya pampando umene anamukonzera. Anamva kutopa nazo.

"Tiyeni," anatero.

* * *

Galimoto inali moyang'anizana ndi khomo la siteshoni. Gualtiero anamutsegulira chitseko, ndipo Nives anali atagwira kale pamwamba pake pamene anamva dzina lake.

Saverio anaima pakhomo la siteshoni atavala yunifolomu, chipewa m'khwapa. Anaoloka msewu osayang'ana uku ndi uku.

"Sitima ili uko," anatero, akuloza kumbuyo kwake ndi chala chachikulu.

"Ukutani kuno?"

"Ndili pantchito. Ndasinthana ndi mnzanga, ndampatsa Loweruka langa."

"Tinagwirizana mwezi wathunthu."

"Tinagwirizana kuti sitionana. Kondakitala kuona tikiti ya munthu si kuonana ayi." Ankayesa kumwetulira, koma maso ake anali pa Gualtiero. "Awa ndi a magalasi aja?"

"Zanola," anatero Gualtiero osapereka dzanja. "Inu ndinu a ku Calabria aja. Akazi anu ali bwanji?"

Saverio anamuyang'ana kanthawi, kenako anatembenukira kwa Nives ngati pamene panali Gualtiero panali mtengo.

"Unati uli wekha."

"Ndinali ndekha. Ndadya ndekha, pampando wa mkazi wako, pawindo lanu."

"Argia," anatero Saverio, akupukusa mutu.

"Usawanene mayiwo. Iwo andiuza zoona. Masabata atatu ndakhala ndikuyenda m'mapazi a Rosalba, ndikukutumizira zithunzi ngati mwana wasukulu. Ku Bergamo, pakhoma paja unandiuza kuti ndikaime dzuwa likamalowa, anaimapo iye?"

"Anaimapo. Anaimaponso anthu ena miyandamiyanda. Ukufuna ndikautenge kuti mzinda watsopano, Nives? Ndikamange?"

"Ukanandiuza."

"Ndikanakuuza ukanapita?"

"Ndikanasankha ndekha."

"Wasankha kale, ndikuona." Analoza galimoto ndi chibwano. "Iweyo unandiuza kuti awa akubwera?"

"Sindinadziwe. Awatuma ndi amayi."

"Ndipo iwe wangovomera, monga mwa nthawi zonse."

Gualtiero anatsokomola. "Bambo, munthuyu watopa. Kukuzizira."

"Ine ndikulankhula ndi Nives."

M'siteshoni munamveka chilengezo cha sitima ya ku Verona. Saverio anapuma mozama, ndipo mawu ake anatsika.

"M'bogi yachiwiri ndakusungira malo a pawindo. Ndinkangofuna ndikuone mphindi makumi anayi, ngakhale osalankhula. Tikambirana zonse m'njira. Sindingaimitse sitima, Nives. Ukwera kapena sukwera?"

Nives anachotsa dzanja pachitseko cha galimoto. Anali kudikira liwu limodzi lokha, loti pepa, ndipo ankaona ngati lili pafupi kutuluka. Koma Saverio anakweza mkono n'kuyang'ana wotchi. Chinali chizolowezi cha ntchito yake, ankachita zimenezi ngakhale ali patchuthi, ndipo Nives ankadziwa. Kudziwako sikunathandize.

"Pita, ungachedwetse anthu," anatero, n'kulowa m'galimoto.

Saverio anaima pomwepo kamphindi. Kenako anavala chipewa, anaoloka msewu, n'kulowa m'siteshoni osacheuka.

* * *

Gualtiero ankayendetsa galimoto pang'onopang'ono, manja onse pachiongolero, nkhope pafupi ndi galasi. Kwa theka la ola analankhula za chifunga cha chaka chatha ndi za msewu watsopano umene akuti adzaumanga. Nives ankangovomera ndi mphuno.

Atadutsa Castiglione anatulutsa foni n'kuyatsanso kulira kwake. Munali mauthenga awiri.

"Ndinalakwa kusakuuza. Ndinkaopa kuti ukana kupita, ndiye ukhala m'nyumba."

Wachiwiri unali waufupi: "A magalasiwo ukuwafuna?"

Anauwerenga katatu. Analemba kuti "Ayi", anafufuta. Analemba kuti "Ukuganiza bwanji?", anafufutanso. Pomaliza anatembenuza foni n'kuiika pamwendo.

"Munthu uja ndi wamtima wapachala," anatero Gualtiero. "Ndinaona m'maso mwake. Anthu a kumeneko ndi choncho." Anachotsa dzanja limodzi pachiongolero n'kuliika pafupi ndi la Nives.

"Gwirani chiongolero, a Gualtiero. Ndipo musaganize kuti ndasankha kanthu. Ndangokwera galimoto."

Dzanjalo linabwerera kumene linachokera.

* * *

Anafika ku Brescia nthawi itangopitirira hafu pasiti sikisi. Gualtiero anaumirira kumuperekeza mpaka pachitseko, ati akapereke moni kwa mayi.

Nives atatsegula, anapunthwa pa sutikesi yakale yabulauni imene inali pakhonde la m'kati. Pambali pake panali katoni yomangidwa ndi chingwe, yonunkhira tsabola wouma ndi mafuta a olivi. Kuchipinda chochezera kunkamveka mawu a anthu awiri, ndipo mmodzi anali mayi ake akuseka.

Patebulo panali makapu a m'kabati yagalasi, amene ankatuluka pa Khirisimasi pokha. Pampando wa malemu bambo ake panakhala mayi wamng'ono thupi wovala zakuda, chikwama pamiyendo, nsapato zosafika bwino pansi.

"Wafika," anatero a Clelia. "Gualtiero, lowa, khofi akadali wotentha. Nives, awa ndi a Annunziata, mayi ake a mnzako uja. Ayenda kuchokera ku Calabria okhaokha, pa msinkhu wawowu."

Nives anapereka moni. Mayiwo sanadzuke. Anamuyang'ana modekha, ngati mmene munthu amayang'anira nsalu pamsika.

"Ndiye ndinu," anatero. "Ndinu wooneka bwino, sindikana. Ndipo mayi anu ndi munthu wanzeru. Ndinkaopa kuti ndikapeza anthu ovuta."

"Saverio akudziwa kuti mwabwera?"

"Sakudziwa, ndipo lero asadziwe. Ndinati ndiyambe kuno, tikambirane azimayi okhaokha." Anatsegula chikwama, anatulutsamo mpango, anapukuta pakamwa, n'kuubwezeramo. "Ndabwera ndi mawu a mpongozi wanga. Zija ankati asaina mapepala othetsa ukwati mwezi wamawa, wasintha maganizo. Rosalba sasaina. Akumufuna mwamuna wake, ndipo Lachinayi akubwera yekha kudzamuuza. Ndamupezera kale pogona."

Nives anaima chomwecho, chijasi chili m'thupi, ambulera m'manja. Kumbuyo kwake Gualtiero anali atalandira kale kapu.

"Vula chijasi ukhale pansi," anatero a Clelia. "Ine ndi mayiwa takhala tikukambirana kuyambira 3 koloko, ndipo palibe pamene tasiyana maganizo."

Foni inayamba kulira m'chikwama mwa Nives. Anaitulutsa pang'ono, n'kuona dzina la Saverio. Azimayi awiri aja sanafunse kuti ndi ndani.

"Isiye ilire," anatero mayi ake.

A Annunziata anavomereza ndi mutu, n'kudzithiriranso khofi.